Kadontho ka pa Mlatho wa Tete

Sunthirani kuno, mphepo ikukankhira utsi mbali yanuyo. Iyi si ya padangokhala ayi, musavutike n'kuvomera kuti tili tonse. Mungomva, kenako aliyense akagone nayo.

Kumtunda kwa Phalula, ukasiya tala n'kulowera chakumadzulo, kuli mudzi womwe sungafikeko osawoloka kamtsinje kotchedwa Nankhwazi. Nthawi yachilimwe kamakhala mchenga wokhawokha, nkhuku imadutsa osanyowa chala. M'mudzimo munkakhala Lameki, wokonza njinga, munthu wosachuluka mawu. Mkulu wake Zakeyu adamwalira ku Joni, ndipo abale adatuma Lamekiyo kuti akatenge thupi.

Tsiku lonyamuka, malume ake a Bisalomu adamuitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe Lameki, womwalira sawoloka madzi yekha. Pamtsinje uliwonse uzimuuza. Umutchule dzina ndi mfunda, unene kuti tikuwoloka. Ukapanda kutero, bokosi lifika koma mwini wake atsala."

Lameki adamvera. Pobwera, bokosi lili m'kangolo kumbuyo kwa minibasi, iye adakhala pawindo maso ali pamsewu. Pa Limpopo adati, "Achimwene a Zakeyu, Ngozo, tikuwoloka." Mitsinje ya m'Zimbabwe, ngakhale youma, adanena chimodzimodzi. Koma tulo sitigogoda. Munthu adali asanagone chichokereni kwawo, ndipo kutentha kwa ku Tete mukukudziwa, kumaphika munthu ali moyo. Adadzidzimuka galimoto ikukwera mapiri.

"Adalaivala, Zambezi tifika nthawi yanji?"

"Zambezi? Aise, tamusiya kalekale. Umachita mkonono ngati chigayo."

Atafika kumudzi sadabise. A Bisalomu adapukusa mutu n'kunena kuti akangometa maliro abwerere ku Tete ndi mapazi ake akamutenge mbale wake. Lameki adavomera. Koma mvula idagwa, munda udafuna khasu, kenako kupalira, kenako kukolola. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Mayi awo, aNanzunga, sadamukalipire ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo ndi zomwe zinkamupweteka kwambiri. Ankangoti, "Mwakwirira matabwa. Mwana wanga sanafike." Chitseko chawo adaleka kupiringidza. Chaka chisanathe miyendo idayamba kutupa, kuchipatala adawabweza kuti akapumire kunyumba, ndipo aliyense ankaona kuti gogoyo akungodikira chinthu chimodzi.

Pogawa katundu wa malemu, Lameki adalandira majombo antchito ndi foni yaikulu yagalasi. Majombowo adawaika pansi pa bedi, adali aakulu. Foniyo ankaigwiritsa ntchito, koma tsiku lililonse inkatulutsa uthenga wachizungu womwe iye ankangoukankhira kumbali ndi chala. Tsiku lina la msika adapita nayo kwa Jubeki, wokonza mafoni pa Phalula, kuti akaitchaje.

"Bwana Lameki, foni iyi mukuizunza," adatero Jubeki. "Ikupempha apudeti kuyambira chaka chatha, inu mukungoitseka pakamwa."

"Apudetiyo ndiye chiyani? Amadya mgaiwa?"

"Ndi kusintha zonse zam'kati. Chikopa ndi chomwechi, koma mtima ulowa wina. Ngati kusasula denga n'kufolera latsopano."

"Zithunzi za achimwene zisachoke."

"Sizichoka. Khalani pabenchipo, musaigwire."

Galasi lidada bii. Pakati padatuluka kamzere koyera, kakudzaza pang'onopang'ono. Katafika pakatikati kadaima. Jubeki adagulitsa machaja awiri, adakangana ndi mayi wina za batire, adabwerera, kamzere kali pomwepo. Adakanda m'mutu.

"Imayenera kukhala itadzuka pano."

"Mwaipha?"

"Foni siifa chonchi. Ikuganiza."

Dzuwa litapendeka, kamzere kaja kadathamanga kamodzin'kamodzi mpaka kumapeto, foni n'kunjenjemera patebulo yokha. Idadzuka.

Zosintha zoyamba zidali zoseketsa. Tizithunzi tomwe tidali ta makona tidasanduka tozungulira. Pomwe Lameki ankadina kuti aimbe padali pena. Kulira kwake kudasintha, mwakuti mkazi wake Eneresi ankaimba mpaka kutopa, iye akuyang'ana uku ndi uku kuti foni ya ndani ikusokosa. Pansi pa galasi padabwera kakuwala kamitundumitundu komwe kankayaka munthu akalankhula pafupi. Jubeki adati foni zamakono zimamvetsera, ukhoza kuzituma.

Zina sizidali zoseketsa. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chikuwaza, anthu atafunda zitenje mpaka m'makutu, koma foni inkatentha m'thumba ngati mbatata yochokera paphulusa. Batire yodzaza m'mawa, pofika masana yatha. Pamwamba pa galasi padabwera kachithunzi ka dzuwa lowala, pambali pake mawu amodzi omwe Lameki sadafune womuwerengera: Tete.

Tsiku lina adaimbira Eneresi ali kuchigayo.

"Abambo a Tamala, muli kuti?"

"Pantchito, pansi pa mtondo pompano."

"Nanga madziwo?"

"Madzi ati?"

"Akumveka madzi ambiri. Ndi magalimoto akuluakulu, ngati akudutsa pa zitsulo. Musandinamize, muli kuti?"

Lameki adayang'ana mozungulira. Padali njinga yogadamika, beseni la madzi oyesera chubu, ndi mbuzi ikubzikula. Phee.

Adabwerera kwa Jubeki. Jubekiyo adaseka, n'kutsegula mapu.

"Onani, kadontho kabuluu aka ndi inuyo. Foni ili pati, kadontho kali pomwepo. Ndiye pano kakhala pa Pha..."

Sadamalize. Adakulitsa ndi zala ziwiri, adachepetsa, adakulitsanso. Kadontho kadali m'mphepete mwa mtsinje waukulu, pakamwa pa mlatho, tsidya la kummwera.

"Netiweki yasokonezeka," adatero Jubeki, koma mawu adatuluka owonda.

"Bwezeretsani momwe inalili kale."

"Apudeti sabwerera m'mbuyo, bwana. Ikalowa yalowa."

Masana a tsiku lotsatira kudalibe makasitomala. Lameki adakhala pachitsa, foni m'manja, akuyang'ana kadontho kaja. Sikadali chiimire. Kankasendera kufupi ndi mlatho, n'kubwerera, kusenderanso, n'kubwerera, ngati mbuzi yapachingwe yomwe ikuona msipu. Adakayang'ana mpaka m'maso mudalowa madzi. Sadaganize zambiri. Mawu adangotuluka okha, chapansipansi.

"Achimwene a Zakeyu, Ngozo. Wolokani."

Kakuwala kamitundu kaja kadayaka ngwee, kuposa masiku onse. Kadontho kadaima. Kenako kadalowa pamlatho, pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda pansi.

M'mawa mwake Eneresi akusesa adaweramira pansi pa bedi.

"Majombo a alamu mwawapatsa ndani?"

"Sindinapatse munthu."

"Palibetu. Patsala fumbi lokha, ndi malo pomwe anakhala."

Lameki adachita mantha, koma pansi pa manthawo padali chimwemwe. Adapita kukawaona mayi ake. Adawapeza atakhala tsonga pamphasa, chinthu chomwe adali asanachite kwa milungu.

"Wanyamuka," adatero aNanzunga asanapatsidwe n'komwe moni. "Uuze mkazi wako andiphikire phala. Ndisafe ndi njala mwana ali panjira."

Basi, Lameki adaona kuti wapeza njira yachidule. Kwa malume sadanene, poti ankadziwa kuti akuluakulu chilichonse chatsopano amachipezera chifukwa. Kadontho kankayenda usana ndi usiku, m'mbali mwa msewu. Kakafika pamtsinje kankaima n'kuyamba kuja kosendera ndi kubwerera, foni n'kutentha mpaka kuwotcha ntchafu. Iye ankapita kuseri n'kunena mawu aja. Pa Revubwe adanena. Patimitsinje ta m'Mozambiki tomwe maina ake sankawadziwa adanena. Kadontho kadadutsa pachipata cha Zobwe popanda woimitsa.

Ndi nthawi imeneyo pomwe nsapato zidayamba kusowa m'mudzi.

Zidayamba ndi patapata za Eneresi, zomwe adazisiya pakhomo la bafa. Adakalipira galu. Mawa lake mayi woyandikana nawo adadzuka akutukwana, nsapato zake zakutchalitchi, zomwe adaziyanika padenga la khola, palibe. Kenako za mphunzitsi, kenako za mlonda wa pachigayo. Wakubayo sankatenga china. Wailesi ili pomwepo, ndowa ili pomwepo, nkhuku zonse zilipo, koma nsapato zii. Agalu sankauwa. Ankangolowa pansi pa nkhokwe n'kumalira mwakachetechete ngati amenyedwa.

"Wakuba wanji wotenga nsapato zong'ambika?" amayi ankafunsana pamjigo. "Za mwana wanga zinali zopanda chidendene."

Madzulo ena Lameki adaika foni kukhutu popanda kuimbira aliyense. Mudamveka mapazi. Adazindikira majombo, chifukwa Zakeyu ankakoka mwendo wamanzere chigwereni pa njinga ali mnyamata: gu, khwee, gu, khwee. Adamwetulira. Kenako kumwetulira kudauma. Kumbuyo kwa majombowo kudali phathaphatha wa patapata, kudali kugogoda kwa nsapato zachikazi, kudali timapazi tofulumira tomwe tinkathamanga pang'ono n'kuyenda, kuthamanga n'kuyenda. Padalibe wolankhula. Padalibe ngakhale wopuma.

Adafuna kuona nkhope ya mkulu wake kuti mtima ukhale pansi, n'kutsegula zithunzi. Namonso mudali mutasintha. Foni idali itasonkhanitsa nkhope za anthu m'timabwalo, aliyense kake: Zakeyu, aNanzunga, Lameki mwini, anzake a Zakeyu a ku Joni. Pansi pa amenewo padali timabwalo tina. Nkhope zake sizinkaoneka bwino, ngati munthu ukumuonera m'madzi a m'chitsime mutagwa tsamba. Sankadziwa ndi mmodzi yemwe. Pansi pa iliyonse padali mpata wopanda kanthu, pomwe pamayenera kukhala dzina.

Eneresi adasuzumira paphewa pake.

"Amenewa ndani?"

"Anzawo a achimwene, kapena."

"Dzulo munali mizere iwiri. Ndinaona mukutchaja. Lero yachuluka." Adamugwira dzanja. "Abambo a Tamala, mukuchita chiyani kuseri kuja mukamalankhula nokha?"

Adamuuza. Eneresi sadakuwe. Adangotenga mwana wawo Tamala, yemwe ankasewera pakhomo, n'kumulowetsa m'nyumba dzuwa likadalipo.

"Lekani," adatero.

"Ndileke ali pa Mwanza? Amayi ayamba kudya."

Sadaleke. Pa mtsinje wa Mwanza adanena. Pa Wamkulumadzi adanena. Pa Lisungwi adakhala nthawi yaitali foni ikumuwotcha m'manja, akumva mayi ake akuimba nyimbo yakale yosinjira m'nyumba mwawo ndi mawu otha mphamvu. Adanenanso.

Tsiku lotsatira, chakumasana, padafika mlendo akukankha njinga yonyamula matumba a makala. Adali bambo wamtali, milomo yoyera ndi fumbi. Adati wachokera ku Zalewa ndipo tayala laphwa. Lameki akumata chubu, mlendoyo sadakhale pansi. Ankangoyang'ana kumsewu komwe adachokera.

"Akulu, kuno kuli maliro?"

"Ayi. Bwanji?"

"Ndiye gulu lija likupita kuti?"

"Gulu lanji?"

Mlendo adaloza kumsewu. "Sindinaone munthu, ndisanamizire. Koma m'mbali mwa tala fumbi limakwera, mzere wautali, mphepo kulibe. Ndinati ndidutse. Nditalowa pakati pake, kunazizira ngati m'chipinda chosungira mitembo, fungo lakenso lomwelo, la mankhwala aja. Njinga inalemera ngati ndakweza anthu atatu. Ndipo china chake, akulu, chinandigwira phazi. Osati mwankhanza. Ngati momwe amachitira munthu pamsika poyesa ngati nsapato ingamukwane."

Lameki adayang'ana pansi. Mlendoyo adali ndi nsapato phazi limodzi.

"Mwalidutsa pati?"

"Pokhotera kuno. Lakhota njira yomweyi."

Mlendo atangochoka, a Bisalomu adatulukira, ndodo m'manja, akuponda mosamala ngati munthu woyenda paminga. Munthu yemwe sankatuluka m'nyumba wopanda nsapato zopolisha adali chosavala kumapazi.

"Mkazi wako wabwera kwathu," adatero. "Ndionetse chinthucho."

Adayang'ana kadontho, adayang'ana nkhope zija, n'kubweza foni ataigwira ndi nsonga za zala.

"Mphwanga, ukuganiza kuti amene anagona pa mlatho wa Tete ndiwe wekha? Magalimoto angati adutsa pamenepo ndi mabokosi, operekeza ali m'tulo, ena ataledzera, ena osadziwa n'komwe mwambo? Pagombe paja padzaza anthu athu. Ndinakuuza kuti upite ndi mapazi. Ukapita wekha umatsogola, wakoyo amaponda pomwe waponda iwe, ena sangalowerere. Iwe wakuwa uli kuno, m'chilankhulo chakwawo, njira n'kuisiya pululu. Ukanakhala iwe, ukanatsala?"

"Ndinatchula dzina, malume."

"Ukaitana nkhuku imodzi uli patali ndi chimanga m'manja, imabwera imodzi?"



"Watsala Nankhwazi yekha," adapitiriza a Bisalomu. "Usanenenso. Akalowa muno onsewo, opanda kwawo, opanda manda awo, azigogoda khomo lililonse kufunsa ngati ndi pakwawo. Mudzi uno sitigonamonso."

"Nanga achimwene?"

"Akhale patsidya."

"Pamaso pa nyumba ya amayi? Mpaka liti?"

A Bisalomu adangoyang'ana zala za kumapazi kwawo.

Eneresi adabwera akuthamanga kudzanena kuti amayi akuitana. Lameki adawapeza atagona chammbali, nkhope italoza kuchitseko, mpweya ukutuluka mokoka. Phala la m'mawa lidali pambali losakhudzidwa.

"Lameki," adanong'ona, "ali patsidya. Ndamva kutsokomola kwake. Bwanji sukumulowetsa? Kodi wachimwanso chiyani?"

"Sanachimwe, amayi."

"Ine sindifika mawa. Usandigoneke ndisanamve phazi lake pakhomo pano."

Lameki adatuluka. Dzuwa lidali litafiira, likutsamira paphiri. Adafunsa malume ake funso limodzi: ngati munthu atapita yekha patsidya, n'kutsogola monga mwa mwambo, zingatheke? A Bisalomu adati pa Tete zikadatheka. Pano sakudziwa, chifukwa enawo adzuka kale, ndipo wodzutsidwa sabwerera kukagona chabe. Adangomuuza kuti akayamba kubwera asacheuke, zivute zitani.

Lameki adatsetserekera kumtsinje yekha. Nsapato zake nazonso zidali zitapita m'mawa womwewo, choncho mchenga wa Nankhwazi adaumva kumapazi, wofunda ndi dzuwa la tsikulo. Atafika pakati, udazizira. Achule omwe amasokosa nthawi imeneyo adali chete. Tsidya linalo, pomwe njira imatsikira mumtsinje, dothi lonse lidali zidindo za nsapato, zazikulu, zazing'ono, zopondana, zonse zitaloza kumudzi, zonse zitathera pamzere umodzi ngati wina adajambula ndi ndodo. Udzu wa m'mbali udali utagona, ndipo unkapitirira kugona pamene iye ankayang'ana.

Adakwera gombe n'kuima pakati pawo. Fungo lija lidamukuta. Adamva ngati ali mu basi yodzaza, mapewa akumukhudza mbali zonse, koma maso ankaona tchire lokha ndi njira. Foni m'thumba idali moto. Adatembenuka kuloza kumudzi.

"Achimwene a Zakeyu, Ngozo. Ndabwera ndi mapazi. Pondani pomwe ndaponda. Tikuwoloka Nankhwazi."

Adaponda mumchenga. Kumbuyo kudamveka gu, kenako khwee wosamaliza, ngati munthu wagwidwa malaya. Ndiye padabuka phokoso la mapazi ambirimbiri, osayenda, akungopondaponda pamalo amodzi. Timapazi tating'ono tija tidathamanga mpaka m'mphepete n'kuima. Chinachake chozizira chidagwira chala chake chaching'ono, momwe Tamala amagwirira akamaopa galu.

Lameki adafuna kuthawa. Kutsogolo ankaona denga la mayi ake, utsi wa kukhitchini kwa Eneresi, ana akuthamangitsa mbuzi. Adaima, maso kutsogolo, n'kulankhula ngati momwe munthu amalankhulira pabwalo.

"Akuluakulu, amayi, ndi ana omwe. Ndakudzutsani ndine, sindikukana. Muno si kwanu, mulibe wokudziwani. Ndiloleni ndiperekeze mmodzi yekhayu, mayi ake akutsirizika. Ndikamufikitsa ndibwerera pompano. Aliyense ndikamutula kwawo, mtsinje ndi mtsinje, ndi mapazi angawa."

Kupondaponda kudapitirira pang'ono, kenako kudazirala. Chala chake chidamasuka, mochedwa, ngati wogwirayo akuganizabe.

Adayenda. Gu, khwee. Gu, khwee. Pambuyo pake penipeni, pafupi mwakuti khosi lake lidamva kuzizira. Anthu omwe adali panja adalowa m'nyumba osauzidwa. A Bisalomu adavula chipewa n'kuyang'ana kumbali. Lameki adafika pakhomo la aNanzunga, adaima pambali pa chitseko, maso pansi.

"Amayi, ndabwera nawo."

Mphepo yozizira idamudutsa. M'katimo mudamveka mphasa ikulira, ngati wina wagwada.

"Iii, Zakeyu," adatero mawu a gogoyo, omveka bwino ngati a mtsikana. "Waonda. Khala apa. Wachedwa pati, mwana iwe?"

Lameki sadamve yankho, koma adamva mayi ake akuseka pang'ono, kuseka kwa munthu yemwe wauzidwa chifukwa chosamveka koma wakhululuka. Kenako adayamba kulankhula motsitsa, nkhani za munda, za mbuzi yomwe idaswa mapasa, za denga lodontha. Mawu adanka nachepa.

Eneresi adali ataima pabwalo, Tamala kumsana.

"Lowani mukhale nawo," adatero. "Safika m'mawa."

"Ali ndi wokhala naye."

"Ndiye mudikire maliro. Muike mayi anu, kenako muzipita. Anthu adzati chiyani?"

Lameki adayang'ana kumtsinje. Mdima udali ukuyamba, ndipo patsidya, pamwamba pa udzu, fumbi lidali litaima mopanda mphepo.

"Ndinanena kuti pompano. Paja ndinanenaponso kuti ndikangometa, ukukumbuka zomwe zinatsatira."

Eneresi adalowa m'nyumba. Adatuluka ndi jekete, chaja, ndi mbatata zophika zomanga pakansalu. Adamuveka jeketeyo yekha, akukoka kolala mwamphamvu kuposa momwe zimafunikira.

"Mukadziwa bwanji kwawo? Maina omwe mulibe."

Lameki adatulutsa foni. Idali itazizira koyamba chichokereni kwa Jubeki. Pamwamba sipadalembedwenso Tete. Kadontho kadali patsidya pa Nankhwazi, katasendera pang'ono chakumpoto, n'kuima, ngati munthu yemwe watsogola ndipo akudikira mnzake.

"Azinditsogolera," adatero.

"Mubwera liti?"

Lameki adatsegula pa nkhope paja. Kabwalo ka Zakeyu kadali katachoka. Adayamba kukankha ndi chala kuti aone pomwe mzere ukuthera. Adakankha, nkhope zikukwera, adakankhanso, zina zikubwera, zazimuna, zazikazi, zina zazing'ono zosadzaza n'komwe kabwalo. Eneresi ankayang'ana naye limodzi. Chala chidatopa pansi pasanaoneke.

Adabweza foni m'thumba, adagwira mutu wa Tamala, n'kutsetserekera kumtsinje. Kulira kwa maliro kudayamba iye ali pakati pa mchenga. Adaima pang'ono, mapewa akugwedezeka. Sadacheuke.

Ndiye inu oyenda m'misewu, mukadzapeza munthu pamlatho, kaya pa Rivirivi, kaya pa Linthipe, kaya kutali pa Dwangwa, ataima chosavala kumapazi akulankhula motsitsa asanawoloke, musamuseke ndipo musamufunse. Mupatseni njira. Akadutsa, dikirani kaye ndithu musanaponde pomwe wapita, chifukwa am'mbuyo mwake amayenda pang'onopang'ono, ndipo ena ndi ana.